Kufolowa anthu ndi apu osadzitengera maakaunti a akathyali: mmene ndimachitira ine

Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pa Instagram ndi pa X, ndiye nthawi ina ndinalumikiza akaunti yanga ku apu ina yomwe inkati aliyense wondifolowa izimubwezera folo yokha, komanso izisaka anthu okonda zafashoni nkumawafolowa ine ndili mtulo. Sabata yoyamba manambala ankakwera, ndinkasangalala. Koma pofika sabata yachitatu inboksi inali itadzaza ma linki, anthu a forex, a Bitcoin, zithunzi za atsikana osavala bwino, mpaka uthenga wa mayi wina wa ku Area 25 amene ankafunsa mtengo wa zitenje za chinkhoswe ndinauona patatha masiku anayi, iwo atagula kale kwina. Zinandiwawa kwambiri, nchifukwa chake ndikufuna inu amene mukuganiza zoyamba zimenezi mudziwe pogwira.

Choyamba mudziwe chifukwa chake ma boti, maakaunti abodza oyendetsedwa ndi makina, amalimbana nanu. Ambiri timaganiza kuti kufolowa akaunti yabodza palibe chomwe tataya, koma folo yanu ndi chitseko. Pa X anthu ambiri anatchera kuti DM, uthenga wa mu inboksi, izibwera kuchokera kwa okhawo amene amawafolowa, nde mukangobwezera folo basi mwamutsegulira. Chachiwiri nchoopsa kwambiri, mnzanu akatsegula akaunti ya kathyali uja amaona palembedwa Followed by kenako dzina lanu, amati aaa ngati uje amamufolowa ndiye kuti ndi munthu weniweni, mawa lake akutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti alowe "investment" yomwe kulibe. Dzina lanu ndi limene lagwira ntchito ya umboni pamenepo. Ndipo ma boti amadziwa kusaka anthu obwezera folo mosayang'ana, amafufuza mawu ngati ifb (I follow back) kapena follow back mu bayo, paja timalemba zodzifotokoza pa akaunti, amalowanso mma follow train aja ofolowana mwaunyinji timapanga usiku. Ngati mawu amenewo ali mu bayo yanu achotseni lero lomwe, imeneyo ndi sefa yoyamba ndipo ndi yaulere.

Komanso malo ofolowa ndi owerengeka. Pa X akaunti wamba imaloledwa kufolowa 400 patsiku, ndipo mukafika 5,000 amakuimitsani mpaka okufolowani achuluke. Pa Instagram malire ndi 7,500, olo mukhale ndi ma folowa miliyoni. Boti iliyonse yomwe apu yakutolerani yadya malo a kasitomala.

Ndinene poyera kuti makampaniwa safuna zofolowa ndi makina. Twitter, lomwe ndi dzina lakale la X, inaletsa zobwezera folo zokha mu 2013. Instagress, apu yofolowa yokha yomwe inali yotchuka kwambiri pa Instagram, inatsekedwa mu 2017 Instagram itailamula. Kumayambiriro kwa 2019 Twitter inadula ma apu a Crowdfire, ManageFlitter ndi Statusbrew chifukwa cha nkhani yomweyi ya kufolowa ndi kuanifolowa mwaunyinji, kenako mu 2023 API yaulere, njira yomwe ma apu ankalumikizira ku Twitter, inathetsedwa ndipo timaapu tambiri tinafera pomwepo. Ndiye apu iliyonse yomwe lero ikukulonjezani kuti izifolowa mazanamazana inu osakhudza foni, dziwani kuti ikudutsa njira ya kuseri, ndipo akaunti yomwe idzatsekedwe ndi yanu osati ya mwini apu.

Chida chomwe ine ndimavomereza ndi chomwe chimakusakirani anthu, kuwasefa, nkukuikirani pamzere kuti inuyo mudine folo ndi chala chanu. Za X zilipo monga Fedica ndi Circleboom, zambiri mwa ntchito zake nzolipira. Posankha, yang'anani ngati chili ndi masefa awa ndipo muwatchere musanayambe chilichonse. Akaunti yopanda chithunzi chidumphe. Akaunti yomwe yatsegulidwa miyezi itatu yapitayi kapena posachedwapa chidumphe, chifukwa ma boti amatsekedwa msanga ndipo eni ake amangotsegula atsopano, ndiye msinkhu wa akaunti umasefa ambiri kuposa sefa ina iliyonse. Amene sanalembe kanthu kwa mwezi wathunthu chidumphe, nayenso amene amalemba mapositi mazana patsiku usana ndi usiku osagona. Kenako onani kusiyana kwa manambala, munthu akufolowa 4,900 koma omufolowa ndi 30, mapositi awiri, ameneyo si kasitomala. Pomaliza pali malo olemba mawu oletsedwa mu bayo, apa musaumire, lembani forex, crypto, binary, account manager, giveaway, sugar mummy, DM for promo, recovery, loan, ndi ena omwe mwawaona inuyo mu inboksi yanu. Ine mndandanda wanga ndimauwonjezera pafupifupi sabata iliyonse chifukwa akathyali amasintha kalembedwe, lero alemba crypto mawa alemba crypt0 ndi ziro.

Apa pali chenjezo lomwe ndimalitenga mozama. Masefawa akhale odumpha basi, asakhale obuloka. Kwathu kuno anthu enieni ambiri amaoneka ngati ma boti. Munthu akatsegula akaunti pa X osasankha dzina, makina amamupatsa dzina lake nkuphatikiza manambala asanu ndi atatu kumapeto, ndipo azakhali athu ambiri, aphunzitsi, abusa, anangosiya choncho, chithunzi sanaike, amalowa kamodzi pamwezi akagula bando. Mukawabuloka onsewo mwathamangitsa anthu amene amagula zitenje zambiri kuposa achinyamata a mapositi tsiku lililonse. Ndiye chida chiwadumphe, inu mudzawaone ndi maso pa nthawi yanu.

Tsopano nkhani yomwe ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa masefa onse, ndi ya komwe mukutunga mayina. Apu ija inandiononga chifukwa inkatunga pa ma hashtag ndi pa ma folowa a anthu otchuka. Kumeneko ndi kumene ma boti amaunjikana, chifukwa kufolowa woimba wotchuka sikufuna chilolezo cha munthu, aliyense amangodina. Umboni wake unaoneka mu Julaye 2018 pomwe Twitter inachotsa maakaunti okayikitsa pa manambala a ma folowa, Barack Obama ndi Katy Perry aliyense anataya oposa 2 miliyoni. Ndiye mukauza chida kuti chitenge ma folowa a munthu wotchuka mwachiuza kuti chikatunge madzi pa chithaphwi. Tembenuzani. Pezani anthu asanu kapena khumi amene mumawadziwa kuti ndi enieni ndipo ndi osamala, telala wodziwika, wojambula maukwati, wokongoletsa maholo, nkutenga mndandanda wa amene IWO amawafolowa, osati owafolowa. Mndandanda umenewo munthu anausefa kale ndi manja ake. Gwero lina labwino ndi anthu amene amalemba makomenti a nzeru pa mapositi a bizinesi ngati yanu, ofunsa mtengo, ofunsa saizi, ofunsa ngati mumatumiza ku Mzuzu, makamaka olemba Chichewa kapena Chitumbuka chenicheni chosakaniza ndi Chingerezi mmene timalembera. Ma boti ambiri amangoti nice pic dear, kapena Chichewa chawo chimakhala chowuma cha makina, chopanda "eti" kapena "nde".

Mukapeza mayinawo musathamangire kufolowa. Pa X pali Lists, mutha kupanga mndandanda wachinsinsi, mwini wake sadziwa kuti mwamuikamo, ndipo mndandanda umodzi umalowa maakaunti 5,000. Ine ndili ndi umodzi ndinautcha "odikira". Aliyense amene chida chandipezera kapena wandifolowa kumene amayamba wakhala mmenemo sabata imodzi, ndimawerenga zomwe akulemba ngati taimulaini wamba koma chitseko cha DM chili chotseka ndipo dzina langa silikuoneka pa akaunti yake. Boti sichedwa kudziulula, masiku awiri atatu yayamba kale ma linki, ndipo ena pofika kumapeto kwa sabata mupeza atsekedwa kale. Pa Instagram kulibe zoterezi ndiye ndimangosunga positi yake imodzi mu foda ya Saved nkudzabwerera. Amene muli pa Bluesky, apu ina yofanana ndi X, kuli ma starter pack, mindandanda yokonzedwa ndi anthu, omwe amalowa maakaunti mpaka 150 ndipo pali batani la Follow all, limenelo ndi kufolowa kwa makina kovomerezeka, koma musanadine onani amene anapanga pakiyo ndipo mutsike nawo mndandanda wonse, chifukwa ena amabisamo maakaunti awo a malonda pakati pa mayina abwino. Kuliso ma moderation list omwe mungalembetse kuti azikutsekerani sipamu, koma nawonso amapangidwa ndi anthu wamba ndiye sankhani wa munthu amene mumamukhulupirira.

Akaunti ikakukayikitsani pali zida zaulere zomwe zili kale mfoni mwanu. Pa Instagram dinani timadontho titatu pamwamba kenako About this account, pamaoneka mwezi womwe inatsegulidwa, dziko lomwe ili, ndi kangati yasintha dzina. Munthu akuti ali ku Blantyre koma akaunti ikuonetsa dziko lina ndipo yasintha dzina kasanu ndi kamodzi, musavutike naye. Pa peji ya Facebook pitani pa Page transparency, zimaoneka zofanana, kuphatikiza maiko omwe oyendetsa pejiyo ali. Chithunzi chake chijambuleni sikirinishoti nkuchiponya mu Google Lens kapena TinEye, nthawi zambiri mupeza kuti ndi cha munthu wina wa ku Brazil kapena msilikali wa ku America amene chithunzi chake chagwiritsidwa ntchito pa mayina makumi. Ngati sichikupezeka paliponse koma nkhope ndi yosalala mopitirira, yang'anani ndolo ngati zikufanana mbali zonse, mano, magalasi ndi zakumbuyo, zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zimalakwitsa mmenemo. Chizindikiro cha buluu chotsimikizira akaunti chija musachidalirenso, kuyambira pomwe Elon Musk anagula Twitter mu Okutobala 2022 chinasanduka chogula, ndipo Meta nayo imagulitsa chake. Ena akuuzani za Botometer ya ku Indiana University, yoyeza ngati akaunti ndi boti, inali yabwino zedi pa nthawi yake, koma pano imangogwiritsa zomwe inasonkhanitsa isanafike Juni 2023, ndiye akaunti yotsegulidwa chaka chino siiidziwa.

Chinthu chimodzi musachite ndi kuika chida chotumiza DM yokha kwa aliyense wokufolowani kuti atsimikize kuti ndi munthu. Kale kunali TrueTwit, inkatumiza linki yoti munthu akadine nkulemba zilembo, anthu ankanyansidwa nayo chifukwa uthengawo unkaoneka ngati sipamu yomweyo. Kasitomala amene wakufolowani ndi mtima wabwino nkulandira linki yosadziwika amangochoka.

Za pasiwedi ndilankhule mwamphamvu. Apu ikakufunsani kuti mulembe dzina ndi pasiwedi ya Instagram kapena X mkati mwake, itsekeni nkuichotsa. Chida cholongosoka chimakutumizani ku tsamba la X lenilenilo, mumaona zomwe chikupempha, nkuvomereza kumeneko. Ma apu opempha pasiwedi ambiri amagwiritsa akaunti yanu kufolowa ndi kulayika makasitomala awo ena amene agula ma folowa, ndiye mumapezeka mukufolowa anthu a ku Turkey ndi ku Indonesia amene simunawaonepo, inuyo mwasanduka boti ya eni ake. Ngati munachita kale, sinthani pasiwedi pompano, kenako pa X pitani Settings, Security and account access, Apps and sessions, muchotse chilichonse chomwe simukuchidziwa. Pa Instagram fufuzani Apps and websites mu setingi. Mukatero yatsani two-factor, yomwe imafunsa kodi ina kuwonjezera pa pasiwedi mukamalowa, pa X ya SMS inasiyidwira olipira kuyambira Malichi 2023 koma ya apu ngati Google Authenticator ndi yaulere ndipo imagwira olo netiweki yavuta.

Kuyeretsa zomwe zinalowa kale kumafuna kuleza mtima, musaanifolowe mazana tsiku limodzi chifukwa makina awo amaona ngati ndinu boti nkukutsekani kwa masiku. Ine ndinkachotsa 30 kapena 40 patsiku, m'mawa pang'ono madzulo pang'ono, zinanditengera mwezi ndi kanthu. Pa Instagram mukatsegula Following pali gulu la Least interacted with, yambirani pamenepo, ndipo ku mbali ya ma folowa Instagram imaika payokha maakaunti omwe ikuwaganizira kuti ndi sipamu, mutha kuwachotsa onse pakamodzi koma yambani mwadutsamo ndi maso chifukwa cha azakhali aja. Yatsaninso Hidden Words nkuikamo mawu omwe aja munalemba mu sefa, makomenti ndi ma message request okhala ndi mawuwo azibisika okha. Amene wakutumizirani linki ya chinyengo musangomuchotsa, mulipoteni kaye kenako mubuloke, kuti asakapeze anzanu kudzera pa inu.

Panopa ine Lamlungu madzulo ndikaweruka ku tchalitchi ndimakhala pansi mphindi 20, ndimatsegula mndandanda wa odikira, amene adutsa ndimawafolowa, kawirikawiri sapitirira 15 kapena 20 pa sabata, otsalawo ndimawachotsamo nkuikamo atsopano omwe chida chandipezera. Ndikamaliza ndimatsegula message requests kuona ngati muli munthu wofunsa mtengo amene sefa yamubisa molakwika, chifukwa zimachitika, mwezi watha ndinapezamo bambo wina amene analemba mawu oti loan pofunsa ngati angatenge nsapato za ana awiri nkudzalipira kumapeto kwa mwezi.