Momwe mungasamalire agogo pakhomo atachitidwa opaleshoni ya retina

Retina ndi kanembanemba kopyapyala kumbuyo kwa diso, mkati, komwe kamalandira kuwala. Pakati pake pali kamalo kotchedwa macula, komwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Ukalamba umatha kuwononga kamaloka: agogo amaona m'mbali koma pakati pali mdima, ndipo chimango cha chitseko amachiona chokhota. Ngati vutoli ndi la timitsempha ta magazi totulutsa madzi kapena magazi pansi pa retina, ambiri amathandizidwa ndi jakisoni wa m'diso monga Avastin, poyamba mwezi ndi mwezi. Opaleshoni imabwera magazi ochuluka akakhetsekera pansi pa retina, ndipo dokotala nthawi zambiri amasiya thovu la gesi m'diso kuti likankhe magaziwo. Ntchito yotsalayo ndi yanu a pakhomo.

Choyamba, musanatuluke m'chipatala funsani kuti aika gesi wanji. Wa SF6 amatha m'masabata 2 kapena 3, pomwe wa C3F8 amatha kukhala mpaka masabata 8. Ngati aika mafuta a silicone, amenewo satha okha, adzawachotsa pa opaleshoni ina. Lembani m'buku la kuchipatala.

Chachiwiri ndi kagonedwe, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amagonja. Thovu limayandama kupita m'mwamba, choncho mutu uyenera kukhala momwe dokotala wanenera kuti likhudze pamalo pofunikapo, kaya kuwerama kaya kugona chafufumimba, kwa masiku amene wakuuzani. Kugona chagada ayi. Munthu wa zaka 75 khosi limamupweteka msanga, ndiye muikireni pilo patebulo atsamire chipumi, wayilesi ikhale pafupi, ndipo usiku wina azidzuka kukaona ngati sanatembenuke. Alendo odzazonda akhale pansi pamphasa, asamawachititse agogo kudzutsa mutu popereka moni. Ulemu udzabwera diso likapola.

Chachitatu, gesi akadali m'diso asakwere ndege. M'mwamba thovu limafufuma ndipo lingathe kupha diso. Izi zikukhudza kwambiri omwe amakachitidwa opaleshoni ku South Africa kapena ku India: tikiti yobwerera muigule mutamva kwa dokotala. Ngakhale ulendo wapagalimoto wochoka kunyanja kukwera ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba, yambani mwafunsa. Akafunika opaleshoni ina iliyonse, uzani ogonetsa odwala kuti m'diso muli gesi, chifukwa mpweya wogonetsa wa nitrous oxide nawo umafufumitsa thovulo.

Mankhwala odontheza m'maso: sambani m'manja ndi sopo, kokerani chikope cham'munsi pansi pang'ono, donthezani dontho limodzi kamwa ya botolo isakhudze diso. Ngati mabotolo ndi awiri, dikirani mphindi 5 pakati pake. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena mankhwala otsala a mnansi asayandikire disolo.

Masabata oyambirira asatikite diso, asanyamule ndowa, asapite kudimba, asakhale pomwe akupeta kapena m'khitchini ya utsi wa nkhuni. Posamba madzi asalowe m'diso. Ngati amasuta fodya, ino ndi nthawi yosiya, popeza fodya amafulumizitsa kuwonongeka kwa macula. Bonongwe, nkhwani ndi mpiru zisasowe pambale.

Musadabwe kuti poyamba saona bwino. Thovu likamachepa amaona kamzere kogwedezeka kakutsika tsiku ndi tsiku, zimenezo ndi zabwinobwino. Koma ululu ukamakula, diso likafiira kwambiri, kutulutsa mafinya, kapena akaona chimthunzi chikuphimba mbali ina, pitani tsiku lomwelo komwe anachitidwa opaleshoni kapena kuchipatala cha maso monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Auzeninso agogo zoona zake: mbali ya retina yomwe inafa simeranso. Opaleshoni imapulumutsa yomwe yatsala, kusintha kumaoneka pakapita miyezi, ndipo jakisoni angapitirire. Sabata iliyonse azitseka diso limodzi n'kuyang'ana chimango cha chitseko, kenako linalo. Chikayamba kukhota m'diso lomwe linali bwino, musadikire tsiku lomwe anawauza kuti akaonanenso ndi dokotala.