Mmene Ndimaphunzitsira Mwana Wanga Kusunga Ndalama

Yambani ndi kampamba kochepa. Mwana wanga wa Sitandade 6 ndinam'patsa K3,000, tinapita limodzi kumsika waukulu wa Mzuzu kukagula mtedza, ndipo mtengo ananenerera yekha. Loweruka timakazinga, iye n'kumanga m'timapepala, n'kugulitsa pakhomo pathu pompano ku Chibavi. Masiku a sukulu sindilola ayi.

Madzulo ake ndiye pali phunziro lenileni. Khalani naye pamphasa, akhuthule ndalama zonse, awerenge yekha. Poyamba apatule mpamba, chifukwa mwana amaona ngati zonse zili m'manja mwake ndi phindu. Wanga sabata yoyamba anagulira mandasi, Loweruka lotsatira analibe chogulira mtedza. Zinandiwawa, koma sindinam'patse ina kufikira atathandiza kulima kudimba.

Phindulo aligawe m'zitini ziwiri: china chogulira makope ndi zolembera, china chosatsegula. Chachiwirichi chikhale ndi cholinga chomwe wasankha mwiniwake. Wanga akufuna juzi isanafike mphepo ya Juni. Alembe chilichonse m'kope.

Ndipo makolo anzanga, musabwereke m'chitinimo. Mukapanikizika n'kutengamo, lembani m'kope momwemo, mubweze iye akuona.