Nkhani ikamangozungulira osatha, chitani izi

Achimwene mwafunsa kuti nkhani yanu ya msodzi wa ku Senga Bay ikungozungulira pamodzimodzi, ndiye mutani kuti iyende. Yesani chonchi.

Choyamba siyani kaye foniyo mupite kugombe m'mamawa maboti akamakocheza, mukhale pafupi ndi amayi ogula usipa mumve mmene akunenerera mtengo wa chigoba, mawuwo lembani mmene atulukira mkamwamo, Chiyao chikalowapo chisiyeni choncho osakonza ayi.

Kenako msodziyo mpatseni vuto limodzi lokha. Mwina iyeyo ndi siginala, uja woyatsa nyali zokopera usipa usiku, mwera wawomba sabata yonse khoka la chilimira silinalowe m'madzi, kwinaku mwana wabwezedwa kusukulu kamba ka fizi. Musatiuze kuti ndi wosauka, tionetseni thandala lili mbee lopanda ndi kansomba komwe.

Chachitatu lembani mpaka kumapeto osacheuka, olo zizioneka zosakoma, zokonza nzamawa.

Ikatha isungeni masiku angapo kenako muiwerenge mokweza, pomwe lilime lapunthwa dulanipo. Ndime yoyamba ija yofotokoza dzuwa likutuluka panyanja, ine ndimati ichoke, owerenga akufuna akumane ndi munthuyo msanga. Mukatero mpatseni mnzanu wosakunyengererani awerenge musanaitumize kunyuzipepala.