Mmene ndimakutira mkuwa ndi graphene m'ng'anjo ya CVD

Mwaye umene umadetsa kunsi kwa poto ndi kaboni wochokera mu utsi amene wamatirira pachitsulo. CVD (chemical vapour deposition, njira yokutira chinthu ndi kanembanemba kochokera mu mpweya) imayendanso choncho, kungoti mpweya, kutentha ndi nthawi timasankha tokha, kuti chomatiriracho chikhale chopyapyala mmene tikufunira. Mafakitale amakutira nayo mano a makina odulira zitsulo, komanso amayalira nayo tinembanemba pa ma chip a kompyuta. Imene ndimaigwira ine mu labotale ndi yomeretsa graphene pamwamba pa mkuwa, kaboni wokhuthala atomu imodzi basi. Njirayi inatchuka mu 2009, gulu la Rodney Ruoff la ku University of Texas at Austin litaisonyeza.

Mufunika ng'anjo yofika madigiri 1000 a Celsius, chubu cha quartz, pampu yokoka mpweya, zoyezera kuyenda kwa mpweya, mabotolo a argon, hydrogen ndi methane, ndi foil ya mkuwa yokhuthala ma micrometer 25.

Bwanji mkuwa, osati nickel? Nickel ikatentha imamwa kaboni wambiri, ndiye ikamazizira imamulavula, graphene n'kusanjikizana mosalongosoka. Mkuwa sumwa kaboni kwenikweni. Methane, mpweya umene umabweretsa kaboniyo, imasweka ikakhudza mkuwa wapambalambanda, ndipo mkuwawo ukangokutika, kumerako kumatsala pang'ono kuimiratu kokha. Choncho ntchito yaikulu amagwira ndi mkuwa. Yanu ndi kuupereka uli woyera ndi kuutchinjiriza ku mpweya wakunja, ndipo zonsezi zimachitika musanatsegule n'komwe botolo la methane.

Dulani kachidutswa ka foil, mukatsuke mu acetone, kenako mu isopropanol kuti mafuta achoke. Mukaviike mphindi zingapo mu acetic acid, amene amadya dzimbiri la pamwamba, ndiye mukaumitse ndi nitrogen. Gwirani ndi kapani, osati zala. Musakapinde. Khwinya lililonse limene mwasiya pa mkuwa mudzalipeza pa graphene.

Lowetsani kachidutswako pakati penipeni pa chubu, pamene ng'anjo imatenthetsetsa, mutseke. Apa ndiye ambiri amapupuluma. Kokani mpweya wonse, tsekani valavu ya pampu, mukhale pansi n'kumayang'ana geji. Muvi ukamakwera, ndiye kuti pena pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi pa mphira wa kukamwa kwa chubu. Konzani kaye. Oxygen amadya kaboni pa kutentha kotere, moti kadontho kochepa kakhoza kukusiyirani mkuwa wopanda kanthu. Palinso za moyo wanu: hydrogen akafika 4 peresenti mumpweya wa m'chipinda akhoza kuyaka, choncho payipi yotulutsa mpweya ipite kunja kwa nyumba. Geji ikakhazikika, dzazani argon n'kukokanso, kangapo ndithu.

Tsopano tsegulani hydrogen pang'ono, ng'anjo ikwere mpaka madigiri 1000, ikhale pamenepo mphindi 30. Hydrogen amachotsa dzimbiri lotsala, ndipo timakristalo ta mkuwa timakula, pamwamba n'kusalala. Kumbukirani kuti mkuwa umasungunuka pa madigiri 1085, pafupi kwambiri, ndipo nambala ya pa ng'anjo si nthawi zonse imafanana ndi kutentha kwa m'kati mwa chubu. Mukaona kumapeto kwa chubu kukufiira, umenewo ndi mkuwa umene wauluka ngati nthunzi n'kukamata pozizira. Chubu chotere chitsukeni musanachigwiritsenso ntchito.

Kenako methane, kwa mphindi 10 mpaka 30, hydrogen akuyendabe. Mlingo wake ng'anjo iliyonse ili ndi wakewake, ndiye musakopere manambala a anzanu n'kuyembekeza zofanana. Ine ndimakonda kuyamba ndi methane yochepa. Ikachepa, graphene imayambira malo ochepa, zigamba zake n'kukula zisanakumane, misoko yolumikizira n'kukhala yochepa. Ikachuluka mumamaliza msanga, koma mumapeza tizigamba tambirimbiri ndi malo osanjikizana.

Nthawi ikakwana, zimitsani ng'anjo, muitsegule kapena muikankhire pambali kuti chubu chizizire msanga, mpweya ukuyendabe. Musalowetse mpweya wakunja mkuwa ukadali wotentha.

Mukatulutsa mudzakhumudwa, chifukwa mkuwa umaoneka ngati mmene unalowera, kungowala pang'ono. Graphene imamwa 2.3 peresenti yokha ya kuwala. Dulani kangodya, mukaike pa hot plate ya madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi zochepa. Pamene sipanakutike pamasintha mtundu chifukwa cha dzimbiri, pokutika pamakhalabe powala. Umboni weniweni umachokera ku makina a Raman, amene amawalitsa laser pa chinthu n'kujambula girafu ya kuwala kobwerera: pa girafuyo nsonga ya G imatuluka cha pa 1580, ya 2D cha pa 2700, ndipo pa graphene yosasanjikizana ya 2D imatalika kuposa ya G. Ikatumphuka ina cha pa 1350, graphene yanu ili ndi zilema.

Kuti muisamutsire pa silicon, pakani PMMA (pulasitiki yoichirikiza kuti isang'ambike) pamwamba, chotsani graphene imene yamera kunsi kwa foil, muyandamitse pa ammonium persulfate kapena ferric chloride mpaka mkuwa wonse utasungunuka. Kanembanemba kotsalako katsukeni poyandamitsa m'madzi oyera, mukawole ndi silicon yokhala ndi oxide ya ma nanometer 300, imene imapangitsa graphene kuoneka pa maikulosikopu. Kakauma, acetone amachotsa PMMA. Madzi osungunulira aja ali ndi mkuwa, musawathire musinki.

Amene mukufuna kusiya graphene pa mkuwa pomwepo kuti iziteteza ku dzimbiri, musadalire zimene mwaona pa hot plate. Kwa maola ochepa imatetezadi, koma pakapita miyezi chinyezi chimalowera m'misoko, ndipo popeza graphene imadutsitsa magetsi, mkuwa wapansi pake umadyeka kuposa wosakutidwa n'komwe.