Momwe mungatchingire kuzizira mu loft ndi m'chipinda chochapira ku UK kuno

Amene muli ku UK kuno ndipo nyumba ndi yanuyanu, winter isanafike kwerani mu loft, kampata ka pakati pa siling'i ndi denga, mukaone kuti muli chani. Nyumba yopanda insulation (zoyala zosunga kutentha) kudenga imataya pafupifupi kota ya kutentha kudzera kumwambako, ndiye heating mukuyatsa tsiku lonse, bilu ya gasi ikubwera yoopsa koma ana akugonabe ndi majuzi. Ngati mukuchita lendi musagwire kanthu musanalankhule ndi landilodi.

Koma ine ndimati musathamangire kumwamba, yambani ndi utility room, kachipinda kochapira kaja. Makina ochapira ali momwemo, dryer momwemo, zovala zoyanika momwemo, mwinanso boyila, windo lake kang'onong'ono. Nthunzi yonseyo ikasowa potulukira imakwera n'kukasanduka madontho pa matabwa a denga. Ndipo mukangoika insulation loft imazizira kuposa kale chifukwa kutentha sikukufikakonso, ndiye chinyezicho chimachuluka, matabwa n'kuyamba kuola mwakachetechete inu mukusangalala kuti bilu yatsika.

Choyamba yatsani fani yotulutsa mpweya muike ka tissue pamenepo. Ikakagwira ndiye ikukoka, kakagwa ichotseni fumbi kapena gulani ina, ku England malamulo a zomangamanga amafuna fani ya malita 30 pa sekondi m'chipinda ngati chimenechi. Kenako londolani paipi yake ndi ya dryer muone kuti zikutulukadi panja, amisili ena achinyengo amangoisiya ikupumira mu loft. Chuku chakuda chija chapakhoma chipukuteni ndi mankhwala ake, osangopakapo penti, chimabweranso. Mipata yozungulira mapaipi tsekani ndi silikoni kapena foam, pansi pa chitseko chakunja ikani ka burashi kotchinga mphepo. Koma ma vent apakhoma asiyeni, anawaika dala.

Boyila musaitsegule, olo mutakhala kuti kumudzi mumadziwika kuti ndinu okonza chilichonse. Za gasi ndi za munthu wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisili ovomerezeka a gasi, basi, inu yanu ndi kugula alamu ya carbon monoxide, mpweya wapoizoni wosanunkha. Chomwe mungapange nokha ndi kuveka foam paipi yapulasitiki yotaya madzi a boyila ija ngati imadutsa panja, imeneyo ikaundana mu January boyila imangozima.

Tsopano kumwamba. Valani masiki, magolovesi, magalasi ndi malaya a manja aatali chifukwa ubweya wagalasi omwe amapangira insulation umayabwa koopsa. Tengani tochi ndi thabwa lolimba logwadapo. Muziponda pa mitanda yokha, ma joist aja, pakati pake ndi plasterboard chabe, bolodi yosalimba ya siling'i, mukapondapo mwendo utulukira kuchipinda chogona. Ngati nyumba inamangidwa chisanafike chaka cha 2000 ndipo mwapeza zinthu zosadziwika bwino, monga timiyala topepuka tonyezimira tothiridwa pansi kapena zokutira mapaipi zakalekale, musazitakase, itanani kaye oyeza asbestos, zomangira zakale zomwe fumbi lake limawononga mapapo. Mukapeza mileme ndi nkhani inanso, kuno imatetezedwa ndi lamulo.

Unikani dengalo musanayale kanthu. Pomwe pakuoneka kuwala kwa kunja, thabwa lonyowa kapena lofewa, ndiye pakudontha, konzani pamenepo kaye. Insulation yonyowa ndi ndalama zotaya.

Yezani yomwe ilipo ndi tepi. Nyumba zambiri zakale zili ndi 100mm kapena kuchepera, pomwe yovomerezeka masiku ano ndi 270mm. Yakaleyo ngati ili youma isiyeni, mungowonjezera pamwamba. Yezaninso mpata wa pakati pa mitanda, nthawi zambiri umakhala 400mm kapena 600mm, ndipo ma roll a insulation a ku mashopu a B&Q kapena Wickes amabwera odulidwa kale theka kuti mungong'amba molingana ndi mpatawo. Yoyamba ya 100mm imalowa pakati pa mitanda, yachiwiri ya 170mm mumayala mopingasa pamwamba pake kuti mitandayo ikwiririke. Yambirani kumapeto muzibwerera cha kukhomo la loft. Osaitsindira, chomwe chimasunga kutentha ndi mpweya uli mkati mwakemo, ili ngati bulangete, ikaphwatalala yatha ntchito.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kumphepete komwe denga limakumana ndi khoma siyani mpata kuti mphepo izilowa. Munthu amaona ngati akutseka kuzizira, chonsecho akutsekera chinyezi mkati. Mawaya a magetsi akhale pamwamba pa insulation osati pansi, makamaka waya wonenepa wa shawa yamagetsi chifukwa umatentha. Magetsi olowa mu siling'i aja avindikireni ndi zipewa zake zosagwira moto kaye. Ngati muli thanki ya madzi ozizira musaike insulation pansi pake, kakutentha kochokera m'nyumba ndi komwe kamaiteteza kuti isaundane, ikuteni m'mbali ndi pamwamba, mapaipi onse muwaveke foam mpaka m'makona momwe.

Ndikudziwa kuti loft ndi komwe timasunga masutikesi ndi katundu wodikira kontena yopita kumudzi. Musasanjike zimenezo pa insulation. Gulani timiyendo tapulasitiki totchedwa loft legs, timangeni pa mitanda ndi masikuluwu, matabwa akhale pamwamba pake ndi kampata pansi. Ndipo musadzazemo zolemera kwambiri, mitanda imeneyo sanaipangire zimenezo.

Chitseko cha loft chimatirireni insulation yolimba kumsana kwake ndi ka raba kuzungulira m'mbali. Akakuimbirani foni anthu otsatsa spray foam, insulation yochita kupopera kunsi kwa denga, ganizani kawiri, mabanki ambiri amavuta kupereka mortgage pa nyumba yothiridwa zimenezo, mudzavutika pogulitsa. Kukazizira kwambiri koyamba mudzakwerenso ndi tochi, mukaona madontho kunsi kwa denga ndiye kuti mpweya sukuyenda, bwererani kumphepete kuja mukatsegule mpata.