Kagwiritsidwe ntchito ka tchaja yopanda chingwe

Tchaja yopanda chingwe, imene ikupezeka tsopano m'mashopu ena a mafoni mu Lilongwe, imagwira ntchito motsatira zimene wasayansi wa ku England, Michael Faraday, anatulukira mu 1831, zakuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, muwayamo mumayamba kuyenda magetsi. M'kati mwa kambale kotchajira, kamene mumaikapo foni, muli waya wa kopa wokulungidwa mozungulira, ndipo kumsana kwa foni kuli wina wotere. Woyambayo amatulutsa mphamvu ya maginito, wachiwiriyo n'kuisandutsa magetsi olowa m'batire. Njira yomweyi imatchajanso mawotchi amakono ndi miswachi yamagetsi, ndiponso imapereka mphamvu ku zipangizo zothandiza kumva zimene madokotala amaika pansi pa khungu kuseri kwa khutu.

Musanagule, tsimikizani kuti foni yanu ili ndi waya wolandirawo. Mafoni ambiri otsika mtengo a Itel ndi Tecno amene anthu amagwiritsa ntchito kuno alibe, pamene iPhone ili nawo kuyambira pa iPhone 8 ya mu 2017, monganso Samsung Galaxy S6 ya mu 2015. Yang'anani pa bokosi la tchaja ngati pali chizindikiro cha Qi, muyezo wa bungwe la Wireless Power Consortium limene linakhazikitsidwa mu 2008, ndipo pemphani wogulitsa kuti aiyese ndi foni yanu musanalipire.

Pofika kunyumba, lumikizani kambaleko ku mutu wa tchaja wamphamvu yokwanira, chifukwa mutu wofooka umachititsa kuti izingoyamba n'kusiya. Kenaka ikani foni chagada pakatikati penipeni. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, popeza mphamvuyi imangodutsa mamilimita ochepa chabe, ndipo mawaya awiri aja akaphonyana foni imatentha koma batire silidzaza. Muyezo wa Qi2, wa mu 2023, unawonjezera timaginito tokokera foni pamalo pake ndipo poyamba mphamvu yake inkafika mawati 15. Chotsani kava yokhuthala kapena yokhala ndi chitsulo, komanso khadi la ku banki limene ena amakonda kulibisa kuseri kwa kava, chifukwa chitsulo chikakhala pakati chimatentha ndipo khadilo likhoza kuwonongeka. Makobidi ndi makiyi asakhale pa kambalepo. M'mwezi wa Okutobala, nyumba ya malata ikatentha, musaike kambaleko pawindo pomwe pakuwomba dzuwa, chifukwa kutentha kumakalambitsa batire msanga.

Kwa ine, chofunika kwambiri kwa munthu wa mumzinda muno ndi chakuti njirayi imataya mphamvu yambiri kuposa chingwe, yotayikayo n'kusanduka kutentha. Magetsi akakhalapo usiku wonse, zimenezi si vuto, ndipo khomo lolowetsera chingwe pafoni silitha msanga. Koma akathima, inu n'kumadalira pawa banki kapena batire la sola, bwererani ku chingwe, chifukwa chimadzaza foni mofulumira ndiponso chimasiya mphamvu yokwanira kuyatsira nyali.