Kuteteza chiwindi cha mwana amene akulandira mafuta kudzera mu diripi

Mwana amene matumbo ake sakugwira ntchito, kaya anabadwa matumbowo ali kunja kwa mimba, kaya anadulidwa mbali yaikulu chifukwa cha necrotizing enterocolitis (matenda oola matumbo a makanda), amadyera mu mtsempha. Mafuta sangasiyidwe m'chakudya chimenechi, poti ubongo ndi khungu zimawafuna. Koma pakapita masabata angapo, ndulu imatha kuyamba kutsakamira m'chiwindi, makamaka kwa makanda obadwa masiku asanakwane.

Yambani ndi kuwerenga botolo. Intralipid ndi mafuta a soya okhaokha. Ali ndi phytosterol wambiri (kolesterolo wa zomera), amene amasokoneza katulutsidwe ka ndulu, omega-6 wambiri wokolezera kutupa, ndipo vitamini E ndi wochepa. SMOFlipid ndi osakaniza: soya 30%, MCT (mtundu wa mafuta amene thupi limagwiritsa ntchito msanga) 30%, olive 25% ndi nsomba 15%. Malangizo a 2018 a ESPGHAN, bungwe la ku Ulaya la akatswiri a matumbo, chiwindi ndi kadyedwe ka ana, amati mwana akakhala pa chakudya cha mu mtsempha kupitirira masiku ochepa, osakanizawa ndiwo oyenera. Omegaven ndi mafuta a nsomba okha, amene FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inawavomereza mu 2018 kwa ana amene ndulu yatsakamira kale.

Pa mlingo ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Khanda lisapitirire 4 g pa kilogalamu patsiku, mwana wamkulupo 3 g. Tiyerekeze khanda la 1.5 kg likulandira 3 g pa kilogalamu. Pafunika 4.5 g, ndipo m'botolo la 20% zimenezi ndi 22.5 mL, kutanthauza pafupifupi 0.9 mL pa ola kwa maola 24. Omegaven ndi wa 10%, mlingo wake ndi 1 g pa kilogalamu, choncho khanda lomwelo lilandire 15 mL patsiku. Manesi awiri awerengetsere payekhapayekha asanatchere pampu. Diripi ikachedwa, musaithamangitse kuti mubweze nthawi: mafuta olowa mwaliwiro amadzadza magazi, mwana amatentha thupi, chiwindi ndi kapamba (spleen) zimatupa. Ikani sefa ya 1.2 micron, ndipo kwa obadwa masiku asanakwane phimbani sirinji ndi kachubu kuti kuwala kusawononge mafutawo.

Yezani triglyceride, amene ndi mafuta a m'magazi, mukakweza mlingo. Akapitirira 3 mmol/L kwa khanda kapena 4.5 mmol/L kwa wamkulupo, tsitsani mlingo m'malo moimitsiratu. Yezaninso m'magazi conjugated bilirubin, amene amakwera ndulu ikatsakamira, ndi ALT, amene amakwera chiwindi chikavulala, sabata iliyonse poyamba. Musadikire maso achikasu, chifukwa magazi amaonetsa vuto maso asanasinthe. Bilirubin ameneyu akafika 2 mg/dL, kapena kuti 34 µmol/L, ndipo sakutsika, chitanipo kanthu.

Musanaloze chala mafuta, funani tizilombo m'magazi ndi mu mkodzo. Matenda olowera pa kachubu ka mu mtsempha waukulu amakweza bilirubin mofulumira, n'chifukwa chake kusamba m'manja ndi kupukuta polumikizira ndi mankhwala ophera tizilombo a chlorhexidine n'kutetezanso chiwindi. Onani thewera: chimbudzi chotuwa ngati dothi la makande chikufuna sikani kuti mutsimikize ngati njira za ndulu sizinatsekeke chibadwire. Onaninso shuga amene akulowa kudzera mu diripi. Akaposa 12 mg pa kilogalamu pa mphindi, chiwindi chimamusandutsa mafuta n'kumasunga.

Kumene kuli mafuta a soya okha, mlingo umatsitsidwa kufika 1 g pa kilogalamu patsiku. Njirayi ili ndi kuipa kwake. Mwana amatha kusiya kunenepa, khungu kuuma n'kumasupuka, tsitsi kuthothoka, zomwe zikusonyeza kuti mafuta ofunika m'thupi aperewera. Muyezeni pa sikelo tsiku lililonse.

Chothandiza kuposa zonsezi ndi chakudya chodutsa m'matumbo. Madokotala a opaleshoni akalola, yambani mkaka wa m'mawere, ngakhale 10 mpaka 20 mL pa kilogalamu patsiku. Ndi wochepa, koma umadzutsa matumbo n'kuchititsa ndulu kuyenda. Bilirubin akabwerera m'malo mwake, musaleke kuyeza. Zipsera za m'chiwindi zimatha kutsala, choncho pitirizani kuona kukula kwa kapamba ndi chiwerengero cha ma platelet, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aziundana.